Tsiku Limene Namasamu Anasintha Mizere

Nyumba yawo inali pamwamba pa shopu yosokera zovala. Kuti ufikeko unkadutsa pakati pa makina awiri osokera, kulambalala tebulo lodulirapo nsalu, n'kukwera masitepe opapatiza omwe ankalira munthu akapondapo. Abambo anali telala, amayi ankasita ndi kusokerera mabatani. Chuma munalibe m'nyumbamo, koma munalibenso mkangano. M'mawa uliwonse shopu isanatsegulidwe, atatuwo ankagwirana manja n'kupemphera.

Wachitatuyo anali mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana. Ali wamng'ono ankawerengera makasitomala chenji abambo ake asanachotse n'komwe pensulo kukhutu, ndiye anthu anangomutcha Namasamu, dzinalo n'kukanirira. Atamaliza sukulu anapeza ntchito ku kampani yogulira anthu masheya. Amayi ake sankamvetsa kuti munthu angagule bwanji kachigawo ka kampani osakagwira m'manja, komabe aliyense wobwera kudzayesa diresi sankatuluka asanamve kuti mwana wa m'nyumbamo amagwira ntchito mu ofesi yokwera ndi chikepe.

Ku ofesiko anamuika pansi pa mayi wina wa imvi amene anakhalitsa pa ntchitoyo. Onse ankawatcha a Dekhani, chifukwa mitengo ikwere kapena igwe, mawu awo anali omwewo. Tsiku lina anakokera mpando pafupi ndi kompyuta ya Namasamu.

"Ukuona chiyani apa?" anafunsa a Dekhani.

"Mtengo wa sheya, mayi. Dzulo unakwera, lero watsika."

"Mtengo wa tsiku limodzi ndi mphekesera, mwana wanga, usamathamange nawo. Tenga mitengo ya masiku 20 apitawa, uwonkhetse, ugawe ndi 20. Mawa uchotse tsiku lakale kwambiri, ulowetse latsopano, ugawenso. Ukamatero tsiku ndi tsiku, upeza mzere wosalala, wosatekeseka ndi phokoso la tsiku limodzi. Imeneyo ndiyo timati avereji yoyenda."

Anadina mabatani, pa sikirini panatuluka mizere iwiri. Wofiira unali wa masiku 20, wabuluu wa masiku 50.

"Wofiirawu ndi wopupuluma, umamva msanga zikasintha. Wabuluuwu ndi wochedwa. Wofiira ukadutsa wabuluu n'kukwera pamwamba, dziwa kuti mphepo yatembenuka, mitengo yayamba ulendo wokwera. Koma ukadutsa n'kulowa pansi, muno timati mtanda wa imfa. Ukauona umenewo gulitsa, usayambe kukambirana nawo."

Maso a Namasamu anawala. "Ndiye kuti munthu wodziwa zimenezi sangaluze?"

"Angaluze mpaka nsapato. Mizereyi imanena za dzulo, siiona mawa. Imachedwa, nthawi zina imanama kumene. Ugwire ziwiri izi. Usaike pa msika ndalama yomwe ikatayika pakhomo padzakhala maliro. Ndipo manambala a masikuwo uziwasankha usanagule. Ukagula, usawakhudzenso."

"Ndamva, mayi," anatero Namasamu. Koma kumva kwake kunali kwa munthu amene wadziwa kale, ndipo wadziwa kale uja tonse tikudziwa kuti anamanga nyumba yopanda khomo.

Chaka chomwecho maso a abambo anayamba kuvuta. Ankaphonya bowo la singano. Tsiku lina anasoka suti yabuluu ya mkwati ndi ulusi wakuda, amayi n'kukhala akuphwasula tsiku lonse osalankhula. Atapita kuchipatala, dokotala sanabise mawu. Anati madzi a m'maso akupanikiza mitsempha, mankhwala odontheza asiya kugwira ntchito, ndipo pakufunika opaleshoni. Katswiri wake ankabwera kamodzikamodzi, ndipo malo analipo pakatha miyezi itatu, bola ndalama ilipiridwe tsikulo lisanafike.

"Musachedwe nazo," anatero dokotala. "Mtsempha wa diso ukafa sudzukanso."

Anagulitsa makina amodzi. Amayi anatulutsa zonse zomwe ankasunga kuyambira ali mtsikana. Akumpingo anasonkhaponso. Ndalama itakwana, amayi anaitumiza ku akaunti ya Namasamu, popeza ndiye ankadziwa zolipira pa foni.

"Ulipire mawa lomwe," anatero amayi. "Ndalama ikagona m'manja imamera miyendo."

"Mawa m'mawa, amayi."

Mawa lakelo asanalipire, anakumana pa makwerero a ku ofesi ndi mnyamata wina wa mu dipatimenti yoyandikana nayo. Ankamutcha Kachala, chifukwa chala chake sichinkachoka pa foni ngakhale pa maliro. Anali wa suti zothina ndi mafuta onunkhira omwe ankafika m'chipinda mwini wake asanafike. Namasamu, pofuna kupepukidwa mtima, anamufotokozera za abambo ake. Kumeneko ndiko kunali kulakwa koyamba.

"Miyezi itatu?" Kachala anaimba kamluzu. "Sisi, ndalama yonseyo ikagone kuchipatala miyezi itatu ngati wodwala ndi iyoyo? Itumeni ikagwire kaye ganyu."

"Si yanga. Ndi ya maso a abambo."

"Nanga ine ndati muidye? Taonani apa." Anamuonetsa foni. Inali kampani ina yopanga simenti, ndipo mzere wofiira unali utangodutsa kumene wabuluu n'kuloza kumwamba. "Inu simunaphunzire kwa a Dekhani? Ichi n'chiyani?"

"Ulendo wokwera," anayankha Namasamu motsitsa mawu.

"Basitu. Mulowe lero, mutuluke pakatha mwezi. Mulipira opaleshoni, n'kuwaombolera mdala makina awo aja. Adzakudalitsani mpaka kumanda."

"Malamulo a ofesi salola kuti tizigula tokha osanena."

"Malamulo amaona za pa kompyuta ya ofesi. Za pa foni yanu amaona ndani? Anthu osauka amafa osauka chifukwa cha mantha, sisi."

Namasamu anaganiza za malo opanda kanthu m'shopu muja pomwe panali makina aja. Anadziuza kuti akuchitira makolo ake. Umu ndi momwe tchimo limalowera mwa ana abwino, silibwera ndi nyanga, limabwera litanyamula mphatso ya amayi. Dzuwa lisanapendeke anali atatsegula akaunti yachinsinsi pa foni n'kugula masheya a simenti ndi ndalama yonse.

"Walipira?" anafunsa amayi atafika kunyumba.

"Ndalipira."

Liwu limodzi lokha, ndipo linatuluka mosavuta mpaka iye mwini anadabwa.

Masabata oyamba zinthu zinayenda ngati zothira mafuta. Mtengo unkakwera, mzere wofiira uli pamwamba neng'a. Namasamu anayamba kuyang'ana foni m'basi, pa chakudya, ngakhale pa pemphero la m'mawa, diso limodzi lotsinzina, lina lili pa thumba. Mwezi utatha phindu linali lokwanira kuombola makina aja. Anatsegula foni kuti agulitse, chala n'kuima m'malere. Sabata imodzi yokha, anatero mumtima, ndiwagulirenso amayi simbi yatsopano. Sabatayo itatha anaganiza za nsapato zake zomwe zinali zitayamba kuseka kutsogolo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kenako mtengo unayamba kuterereka. Sunagwe kamodzi ayi. Lero pang'ono, mawa n'kukwerako, mkuja pang'ono kawiri. Mzere wofiira unaweramitsa mutu n'kuyamba kuyandikira wabuluu. Lachiwiri lina m'mawa Namasamu atatsegula foni pa desiki yake, anapeza wofiira uli pansi. Mtanda wa imfa unali pamenepo, woonekeratu ngati chipsera.

Tinene zoona, tsiku limenelo chitseko chinali chikadali chotsegula. Akanagulitsa, ndalama ya opaleshoni ikanabwerera yonse, n'kutsalako ya basi. Koma iye sankaonanso ndalama ya opaleshoni. Ankaona phindu lija linalipo masabata awiri apitawo, ndipo mumtima mwake linali lake kale, wina wamubera. Anathamangira kwa Kachala.

"Wadutsa. Ndigulitse?"

Kachala sanadzutse n'komwe mutu. "Masiku 20 ndi 50? Imeneyo ndi mizere ya ana a sukulu, sisi, imanjenjemera ndi chimfine chomwe. Akuluakulu amayang'ana 50 ndi 200. Tasinthani muone."

Namasamu anabwerera pa desiki. Mawu a a Dekhani anawakumbuka bwinobwino, sitinganene kuti anaiwala. Komabe anafufuta 20 n'kulemba 50, anafufuta 50 n'kulemba 200. Mizere inagwedezeka n'kukhazikika mwatsopano. Wofiira unali pamwamba, kutali ndi wabuluu, ngati palibe chachitika. Mtima wake unakhala pansi. Mtengo sunasinthe ngakhale pang'ono, chomwe chinasintha ndi muyeso. Ndipotu ameneyu anali mwana wa telala, wodziwa kuyambira ali wakhanda kuti tepi yoyezera siitalikitsidwa pofuna kusangalatsa kasitomala wonenepa.

Patapita masiku, a Dekhani anamupeza akuyang'ana kampani yomweyo pa kompyuta ya ofesi.

"Manambalawa wasintha ndani?"

"Ndimangoyeserera, mayi."

A Dekhani anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mzere wa masiku 200 si woipa, ukausankha pachiyambi. Koma munthu akauthawira pakati pa ulendo, ndiye kuti waufupi wamuuza zomwe sakufuna kumva. Ukamatalikitsa mzere, umangouchedwetsa kukuuza zoipa. Zoipazo sizichedwa nawo. Uli ndi kanthu mu kampani imeneyi?"

"Ayi, mayi."

"Ngati ulipo, tuluka lero. Sindikufunsanso."

Namasamu sanatuluke. Tsopano kugulitsa kukanatanthauza kuvomera kuti gawo lina la ndalama yapita, ndipo akanalipeza kuti? Anaganiza zodikira kuti mtengo ubwerere pomwe anagulira, pomwepo basi, osafunanso phindu. Anayamba kupemphera kwambiri masiku amenewo, koma sankapempha kukhululukidwa. Ankapempha kuti simenti ikwere.

Kunyumba amayi anayamba kununkhiza kanthu.

"Iwe, risiti ya kuchipatala ija sindinaione."

"Ili pa foni, amayi."

"Tandionetsa."

"Batire yatha. Mawa."

"Mawa, mawa. Wawonda, sukudya, foni sikuchoka m'manja koma batire yake imatha ndikafunsa ine. Mwanawe, ngati pali chomwe wachita, nena kukadali kowala."

Abambo anali pa makina otsala aja, nkhope ili pafupi ndi singano ngati akuinunkhiza. Anaimitsa phazi.

"Musiyeni mwana, mayi. Ntchito yake ndi yolemetsa mutu. Uyu sanatinamizepo chibadwire."

Namasamu anakwera masitepe msangamsanga, n'kukadzitsekera m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti asamumve akulira. Mawu a amayi akanatha kuwapirira. Omwe anamulasa anali a abambo. Komabe atapukuta nkhope anatulutsa foni n'kuyang'ananso mizere, wofiira ukadali pamwamba pang'ono, ndipo anadziuza kuti zikhala bwino.

Kutatsala sabata imodzi kuti opaleshoni ichitike, mbiri inabuka m'mawa anthu akungofika mu ofesi. Kampani ya simenti ija inkabisa ngongole zikuluzikulu. Mafoni analira paliponse. Mtengo unagwa ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Namasamu anadina kuti agulitse, koma wogula panalibe. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro akuluakulu a msika anaimitsa malonda onse a kampaniyo. Masheya ake anasanduka manambala chabe pa galasi la foni, osagulitsika, osadyeka. Madzulo ake mzere wa masiku 50 unayamba kuweramira wa masiku 200, kudzamuuza nkhani yomwe dziko lonse linali litamva kale.

Namasamu anamupeza Kachala pa makwerero pomwe paja, akuseka ndi foni.

"Tatha, achimwene! Titani?"

"Tatha ndani? Ine ndinatuluka kalekale."

"Liti?"

"Lachiwiri lija wofiira unadutsa. Mtanda wa imfa saseweretsa, sisi."

Namasamu anagwira chitsulo cha makwerero. "Koma munandiuza kuti ndisinthe mizere!"

"Nanga aliyense akanagulitsa tsiku limodzi, ine ndikanagulitsa kwa ndani? Ndinakupatsani maganizo, chala chinali chanu." Anayang'ana wotchi. "Pepani za mdala."

Sabata imeneyo Namasamu anayenda ngati mzukwa. Anapempha ngongole ku banki, anamukana. Anagogoda kwa anzake, aliyense anali ndi vuto lake. Tsiku lililonse ankati awauza makolo ake madzulo, madzulo akafika lilime linkalemera. Mpaka tsiku linakwana.

Abambo anadzuka mosangalala. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi, amayi atanyamula kachikwama ka zovala zosinthira ndi thaulo. M'basi abambo ankacheza ndi aliyense.

"Ndikukatsukitsa mawindo," ankatero akuloza maso awo. "Pobwera ndidzakuonani nonse, ndiye amene muli ndi ngongole yanga mubisale."

Anthu anaseka. Namasamu anayang'ana panja.

Pa windo lolipirira, kalaliki anafufuza dzina pa kompyuta, n'kufufuzanso.

"Palibe chomwe chinalipiridwa apa."

"Yang'ananinso bwino, bambo," anatero amayi. "Mwana wathu analipira kalekale. Iwe, waonetse risiti ija."

Namasamu sanatulutse foni. Anagwada pa simenti pomwepo, pakati pa anthu a pa mzere.

"Sindinalipire, amayi. Ndinagulira masheya. Yapita yonse."

Kachikwama kanagwa m'manja mwa amayi. Sanakuwe, sanamumenye. Anangoti, "Makina aja? Ndalama za akumpingo zija?" Kenako anagwira pakamwa.

Abambo anatembenuzira nkhope komwe kunkachokera mawu a mwana wawo, akuphethira kuti amuone bwino.

"Unandinamiza, mwana wanga?"

"Eya, bambo."

"Kangati?"

Funso limenelo Namasamu, katswiri wa masamu, analephera kuliyankha.

Malo a abambo anapatsidwa kwa wodwala wina tsiku lomwelo. Katswiri uja anachita ntchito yake n'kupita. Nkhani inafika ku ofesi, ndipo a Dekhani ndi amene anamubweretsera kalata yomuchotsa ntchito, maso awo ali ofiira. "Ndinakufunsa," ndi mawu okhawo omwe ananena. Kumpingo anthu omwe anasonkha aja sanalankhule zambiri, koma moni wawo unafupika. Amayi anagulitsa makina otsala aja, tebulo lodulirapo nsalu, ngakhale simbi. Namasamu anayamba kugwira ntchito yolongedza katundu m'sitolo ina, malipiro onse n'kumapereka kwa amayi osatsegula envulopu. Ndalama inakwananso patatha miyezi isanu ndi iwiri. Ulendo uno amayi anakalipira okha, ndi manja awo.

Dokotala anaunika m'maso mwa abambo ndi katochi kake, diso ili, kenako linalo. Anazimitsa katochiko n'kukhala pansi.

"Bambo, ndikanakonda ndikanakhala ndi mawu ena. Mwachedwa. Palibenso choti tingapulumutse."

Banjalo linabwerera kunyumba. Madzi akatayika saoleka.

Shopu ija anaibwereka munthu wina wogulitsa mafoni, banjalo n'kutsala ndi zipinda zam'mwamba zokha. Loweruka lina masana, amayi atapita kukachapa zovala za eni ake, Namasamu anali kukolopa pabalaza. Dzuwa linali litalowa m'chipindamo mpaka pa mapazi a abambo, omwe anakhala pa mpando manja ali pa mawondo.

"Mwanawe," anaitana abambo, "tatsegula makatani. Muno mwada."

Namasamu anayang'ana pa windo. Makatani anali otsegula mbali zonse ziwiri. Anaimirira n'kupita pomwepo, dzanja lake n'kugwira nsalu. Zinali zosavuta. Akanangoikoka uku ndi uku kuti mphete za makatani zilire, n'kunena kuti ndatsegula, abambo akanati zikomo. Bodza laling'ono, lachifundo, lofanana ndendende ndi oyamba aja. Anachotsa dzanja.

"Ndi otsegula kale, bambo. Dzuwa lili pa mapazi anu."

Abambo anasuntha phazi limodzi pang'ono, kulimva kutentha.

"Ndi zoona," anatero. Patapita kanthawi anatambasula dzanja m'malere, kumufunafuna. "Bwera kuno. Ukanandiuza chonchi tsiku lija mizere yako inakuchenjeza, bwenzi lero ndikukuona."

Namasamu anagwada n'kuika mutu pa mawondo awo, n'kulira kulira komwe sanalirepo chiyambire. Anapempha chikhululukiro kwa abambo ake ndi kwa Mulungu, ulendo uno osapempha china chilichonse chowonjezera. Dzanja la abambo linapeza mutu wake n'kukhala pomwepo.

Inu achinyamata amene mukuwerenga izi, imvani. Chomwe mwasungitsidwa si chanu, ngakhale mutachibwereka ola limodzi ndi cholinga chabwino. Kutenga mobisa ndi kuba, ndipo kuba kumabala bodza, bodza n'kubala linzake. Mulungu sasiya munthu kugwa osamuchenjeza. Amatuma kholo, amatuma mphunzitsi, amatuma chikumbumtima, nthawi zina ngakhale kamzere kofiira pa foni. Chenjezo likabwera, musalisinthe kuti ligwirizane ndi dyera lanu. Imani pomwepo, nenani zoona, bwezani chomwe chatsala. Namasamu analapa ndipo abambo ake anamukhululukira ndi mtima wonse, koma chikhululukirocho sichinawatsegule maso.